Mkuwa ukamasuzumira pansi pa siliva: kuzindikira timbale takale tokhazikapo vinyo ndi mtengo wake

Ndinapusitsikapo kamodzi, ndipo palibe munthu amene anandinamiza. Anandinamiza ndi maso anga omwe. Linali Lamulungu m'mawa, kukuzizira koopsa, pa umodzi wa misika ija ya ku England imene anthu amayala katundu wakale kumbuyo kwa galimoto zawo, tingoti kaunjika wa ziwiya. Pakati pa makapu ndi mafoloko panali timbale tiwiri tozungulira, tofanana ndendende. M'mbali mwake munali mwa siliva, mokongoletsedwa ndi mphesa ndi masamba ake, pansi pake pali thabwa lofiirira. Pansonga za mphesazo siliva anali ataperepeseka, mkuwa ukusuzumira. Mtima unagunda. Ndinali nditamvapo kuti mkuwa ukamaonekera chonchi ndiye kuti wakumana ndi Old Sheffield Plate, ntchito ya zaka mazana awiri zapitazo. Mwini katunduyo sananene chilichonse za zaka zake, anangotchula mtengo, ine n'kulipira osanenerera n'komwe.

Kunyumba, nditatembenuza kamodzi pansi pa nyale, ndinapeza timalemba tobisala kunsi kwa mkombero: E.P. on copper, Made in England, kutanthauza siliva womatidwa pa mkuwa ndi magetsi, ku England. Sitinali ta m'ma 1820. Tinali ta m'zaka za m'ma 1900, topangidwa mongotsanzira takaleto.

Pa chinthu chongokutidwa ndi siliva, siliva yemweyo sapindulitsa. Ndi wochepa kwambiri moti ogula zitsulo zosungunula amangokubwezerani. Chimene anthu amalipira ndi njira imene siliva anamatidwira pa chitsulo chapansicho, pakuti njirayo ndiyo imaulula zaka za chinthucho ndi manja amene anachipanga.

Nkhata ya botolo

Ife tikamva coaster timaganiza za basi yopita ku Mangochi. Kwa Angerezi, wine coaster ndi kambale kozungulira kokhala ndi mpanda waufupi, kokhazikamo botolo la vinyo patebulo. Ntchito yake siisiyana ndi ya nkhata pansi pa mtsuko: botolo likhazikike, ndipo lisawononge pamene lakhala.

Timbale timeneti tinayamba kuoneka m'nyumba za anthu olemera a ku Britain cha m'ma 1760, ndipo tinabadwa chifukwa cha mwambo wa patebulo. Chakudya chamadzulo chikatha, antchito ankachotsa nsalu yapatebulo, thabwa la mahogany lonyezimira n'kukhala poyera. Mahogany ndi m'bale wake wa mbawa wathu, koma wawowo ankachokera ku zilumba za Caribbean ndi ku Honduras. Amayi ankanyamuka kupita kuchipinda china, abambo n'kutsala ndi vinyo wa port kapena wa Madeira. Botolo silinkanyamulidwa, linkakankhidwa kuchoka kwa munthu uyu kupita kwa wakumanzere kwake, mpaka litazungulira tebulo lonse. N'chifukwa chake kunsi kwa kambaleko ankamatako nsalu yaubweya yobiriwira, kuti kaziterera osakanda thabwa. Masiku amenewo ankatitchula bottle stand kapena bottle slide. Dzina la coaster linafala pambuyo pake, kufanizira ndi zombo zing'onozing'ono zoyenda m'mphepete mwa gombe, kuima doko ndi doko.

Kawirikawiri ankatipanga tiwiritiwiri kapena tinayi. Panalinso tina tolumikizana tiwiri pa mateyala, ngati kangolo. Pakati pa thabwa la pansi pa kambaleko pamakhala kamchombo kachitsulo, pamene ankazokotapo chizindikiro cha banja la mwini wake.

Anthu olemera zedi ankagula ta siliva yekhayekha. Amalonda, madokotala, abusa ndi ena apakatikati, amene ankafuna tebulo looneka mofanana koma thumba silikulola, ankagula tokutidwa. Ndipo kukutirako kunali kwa mitundu iwiri yosiyana kotheratu.

Siliva wa pamoto ndi siliva wa magetsi

Cha mu 1743, Thomas Boulsover, mmisiri wa mipeni wa ku Sheffield, anatulukira kuti siliva ndi mkuwa zikatenthedwa limodzi zimagwirana, ndipo ukazipsinja zimatambasuka pamodzi ngati chitsulo chimodzi. Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti ankakonza chigwiriro cha mpeni n'kuchitenthetsa mopitiriza. Iye anayamba ndi mabatani ndi tinthu tina ting'onoting'ono. Joseph Hancock ndiye anapita nazo ku ziwiya zikuluzikulu m'ma 1750, kenako Matthew Boulton anazikuza pa fakitale yake ya Soho ku Birmingham kuyambira m'ma 1760.

Kapangidwe kake kanali kotere. Ankatenga chipika cha mkuwa, n'kuchipala mpaka chitasalala, n'kuikapo chipepala cha siliva wa sterling, uja wa magawo 925 pa 1000 aliwonse. Ankazimanga ndi waya n'kuziika m'ng'anjo, mmisiri akusuzumira pakabowo. Siliva akangoyamba kuchucha m'mphepete ngati misozi, ankachotsa msanga. Chikazizira ankachidutsitsa pakati pa zitsulo zozungulira zolemera, mobwerezabwereza, mpaka chitaphwatalala ngati lata. Cha m'ma 1770 anali atadziwa kale kukutira mbali zonse ziwiri. Kuchokera pa lata limeneli ndi pamene mmisiri ankadula, kupinda ndi kuwotcherera kambale, ndipo ntchito yotereyi ndiyo imatchedwa Old Sheffield Plate.

Mu 1840, George Richards Elkington ndi msuweni wake Henry a ku Birmingham anatenga umwini wa njira ina, imene dokotala wina wa mumzinda womwewo, John Wright, anathandiza kuitulukira. Chinthu chimapangidwa kaye chonse, n'kumizidwa m'madzi a mankhwala a cyanide osungunuliramo siliva, kenako magetsi amakoka silivayo n'kumumata paliponse pamene madziwo afika. Njirayi inali yachangu, yotchipa, yosafuna amisiri ambiri aluso. Pa chionetsero chachikulu cha ku London cha 1851 katundu wa Elkington anatchuka kwambiri, ndipo pofika m'ma 1860 ntchito ya pamoto ija inali itatsala pang'ono kuzimiririka. Ku France, Charles Christofle anagula ufulu wogwiritsa ntchito njira ya magetsiyi mu 1842.

Kusiyana konse kwagona apa. Pa Old Sheffield Plate siliva amayamba, kupanga kumabwera pambuyo, choncho paliponse pamene mmisiri anadula kapena kulumikiza panasiya chipsera chimene anayenera kuchibisa. Pa njira ya magetsi kupanga kumayamba, siliva amabwera komaliza n'kuphimba chilichonse: msoko, m'mphepete, m'timabowo, ngakhale zolakwika. Mayeso onse amene ogulitsa zinthu zakale amachita m'manja ndi kufunafuna zipsera zimenezi.

Chikhadabo, mpweya ndi galasi

Yambani ndi m'mphepete. Lata lija likadulidwa, m'mbali mwake mumaoneka mizere itatu: siliva, mkuwa pakati, siliva. Mzere wofiirawo unali chipongwe kwa wogula, ndiye amisiri ankaubisa. Ena ankapindira siliva wapamwamba kunsi, ena ankawotchererapo kawaya ka siliva kozungulira mkombero wonse, n'kukapindira pansi ngati mpendero wa nsalu. Samuel Roberts ndi George Cadman a ku Sheffield anatchuka ndi luso limeneli kuyambira m'ma 1780. Tembenuzani kambale, muyendetse chikhadabo kunsi kwa mkombero pang'onopang'ono. Pa ka Old Sheffield chikhadabo chimakodwa pa kampendero kameneka. Pa ka magetsi chimangoterera, chifukwa panalibe chobisa.

Ngati mpanda wake uli wobowolabowola, tengani galasi lokulitsa zinthu, longa la okonza mawotchi. Osula siliva weniweni ankacheka timabowoto ndi kasowo, koma sowo pa lata lokutidwa inkasiya mkuwa pamtunda. Anthu a ku Sheffield ankabowola ndi chitsulo chakuthwa chopsinjidwa ndi makina, chimene polowa chinkakokera siliva wapamwamba m'kati mwa bowo. M'galasi mumaona siliva atatsetserekera m'khoma la bowolo, nthawi zambiri osafika pansi, kamzere ka mkuwa kakuonekera. Pa ka magetsi khoma la bowo limakhala loyera mofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Kenako uzirani mpweya wofunda wa m'kamwa pa mpandawo, monga muchitira popukuta mandala a m'maso, mukuzungulitsa kambaleko. Mpanda wa timbale tambiri takale unali lamba wa lata wopindidwa n'kulumikizidwa, ndiye pali msoko. Nthunzi ya mpweyayo imauonetsa ngati kamzere kowongoka kotsika. Kuupeza ndi nkhani yabwino. Kambale kooneka kakale koma kopanda msoko paliponse kayenera kukukayikitsani.

Tsopano mphesa zija zimene zinandigwetsa. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, zokongoletsa za m'mkombero, monga mphesa, masamba, zigoba za nkhono ndi timizere topotana, kawirikawiri zinkadindidwa pa siliva wopyapyala kwambiri, kumbuyo kwake n'kudzazamo mtovu wosakaniza ndi tini, kenako n'kuwotcherera pa kambale. Zikaperepeseka, chimene chimatuluka pansonga si mkuwa wofiira ayi, ndi mtovu wotuwa wosawala. Mkuwa umasuzumira pa mpanda, m'makona ndi m'malo ogwiragwira. Tanga tija tinali tofiira pa mphesa penipenipo. Umboni unali m'manja mwanga pamsika pomwepo, koma ndinauwerenga chadodolido.

Mtundu wa chitsulo chosuzumiracho umanena zambiri. Chofiira ndi mkuwa, ndipo chingakhale cha njira iliyonse mwa ziwirizi. Chotuwa mopita kuchikasu ndi nickel silver, msakanizo wa mkuwa, nickel ndi zinc, umene ngakhale uli ndi dzina lotero mulibe siliva ngakhale pang'ono. Chotuwa moderako, chofewa, chosachedwa kutiwizika, ndi Britannia metal, imene mbali yaikulu ndi tini. Ziwiri zomalizazi zimaloza kwambiri ku nyengo ya magetsi.

Pali ndi kuwala kwake. Siliva wa pamoto ndi sterling, wosakanizika pang'ono ndi mkuwa, ndipo zaka zikapita amawala mofatsa, mopita kubuluu pang'ono. Wa magetsi ndi siliva wosasakaniza, woyera mbuu, wowala mothobwa m'maso. Izi sizimveka pongowerenga. Muyenera kuika tiwiri pamodzi pawindo masana, kangapo, mpaka diso lizolowere.

Maginito musavutike nawo. Siliva, mkuwa, nickel silver ndi Britannia metal, zonse sizikokedwa. Ndipo wina akafuna kupala pang'ono kuti adonthezepo asidi, mulandeni kambaleko. Yankho adzalipeza, koma bala limene wasiya silipola.

Palibe chizindikiro chimodzi chokwanira pachokha. Otsanzira ena a m'ma 1900 ankapinda mkombero dala kuti chikhadabo chikodwe. Mpendero, msoko, timabowo, mtovu ndi kuwala ziyenera kuvomerezana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zidindo zimanena zoona, koma osati zonse

Choyamba n'kutsimikiza kuti kambaleko si ka siliva weniweni, pakuti mwayi wotero umagwa nthawi zina. Siliva wa ku England amakhala ndi mzere wa zidindo za boma, nthawi zambiri pa lamba wakunsi pafupi ndi thabwa. Chachikulu ndi mkango woyenda, utakweza phazi limodzi lakutsogolo. Pambali pake pamakhala chidindo cha mzinda umene anayesedwera: mutu wa kambuku ndi London, nangula ndi Birmingham, chisoti chachifumu ndi Sheffield, ngakhale Sheffield inasinthira ku duwa la rozi mu 1975. Pamakhalanso chilembo cha chaka, zilembo za wopanga, ndiponso pakati pa 1784 ndi 1890 mutu wa mfumu kapena mfumukazi, wosonyeza kuti msonkho unalipiridwa. Scotland ndi Ireland zinali ndi zidindo zawozawo.

Opanga zokutidwa ankadziwa kuti wogula amayang'ana mzere wa tizidindo, osati zolembedwamo. Ndiye ankadinda tawo tinayi kapena tisanu, chilembo chilichonse m'kabokosi kake, m'malemba akale opiringizika ovuta kuwerenga. Mukayang'anitsitsa ndi galasi mupeza kuti akuti E, P, N, S, kutanthauza siliva wa magetsi pa nickel silver. EPBM ndi pa Britannia metal. EPC ndi pa mkuwa, ndipo EP payokha imangotanthauza siliva wa magetsi. A1 ndi kudzitama kwa wopanga kuti wapaka siliva wochuluka, palibe ofesi ya boma imene inatsimikiza. Ambiri ankaikaponso chisoti chachifumu kuti chifanane ndi cha Sheffield, mpaka mchitidwewu unaletsedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Choncho chisoti pa kambale ka EPNS chimaloza ku nthawi ya Mfumukazi Victoria.

Timbale tambiri ta Old Sheffield tilibe chidindo chilichonse, ndipo si vuto. Pamene maofesi oyesa siliva a ku Sheffield ndi Birmingham ankatsegulidwa mu 1773, lamulo linaletsa kudinda zilembo pa zinthu zokutidwa, poopa kusokoneza ogula. Mu 1784 linafewetsedwa, opanga n'kuloledwa kulembetsa dzina ndi kachithunzi kawo ku ofesi ya Sheffield. Boulton analembetsa madzuwa awiri, Roberts ndi Cadman belu, T. & J. Creswick mivi yopingasana mu 1811, Henry Wilkinson makiyi opingasana mu 1836. Koma apa pali msampha. Makampani akagulana kapena kulowana m'malo, zithunzi zimenezi zinkapitirira. Belu linapitirira ndi W. & G. Sissons, mivi inapita kwa William Hutton & Sons, ndipo onsewa ankazidinda pa katundu wa magetsi. Chidindo chakale pa kambale kopanda msoko ndi mpendero sichikakalambitsa.

Mawu akuti Sheffield odindidwa pachitsulo ndiwo amasocheretsa anthu ochuluka. Amisiri a Old Sheffield Plate sankalemba dzina limeneli pa ntchito yawo. Mukaona Sheffield Plate, Sheffield Reproduction kapena Silver on Copper, dziwani kuti ndi ka magetsi. Mawu akuti England anafala kuyambira 1891, pamene America inayamba kufuna kuti katundu wolowa m'dzikomo azilembedwa kumene wachokera. Made in England ndi wa m'ma 1900. Kachidindo kooneka ngati dayamondi, kokhala ndi Rd pakati, ndi ka kalembera wa mapangidwe wa pakati pa 1842 ndi 1883, ndipo Rd No yotsatidwa ndi nambala inayamba mu 1884. Izi zimanena chaka chimene mapangidwewo analembetsedwa, kambaleko kangakhale kopangidwa patapita zaka.

Pa ta magetsi, mayina odalirika ndi Elkington, amene anali ndi zilembo zakezake za zaka kuyambira m'ma 1840, Walker & Hall a kambendera, James Dixon & Sons a lipenga, ndi Mappin & Webb amene ankalemba Prince's Plate.

Maonekedwe ndi thabwa

Fashoni imathandiza kuyerekeza zaka, bola musaiwale kuti fashoni imabwerera. Ta m'ma 1770 ndi 1780 timakhala tating'ono, mwina masentimita 12 kapena 13 m'mimba mwake, mpanda wowongoka wobowolabowola, mkombero wa timikanda. Kuyambira cha mu 1800 mabotolo agalasi othiramo vinyo anayamba kukula matako, timbale nato tinakula. Mpanda unakhala wosabowola, wa mizere yonenepa, mkombero wa timizere topotana ndi zigoba. M'ma 1820 ndi 1830 mkombero unayamba kutambasukira kunja, utalemedwa ndi mphesa ndi masamba. Mtundu womalizawu ndi umene unatsanziridwa kwambiri, ndipo mpaka lero akuupangabe.

Thabwa nalo ndi mboni. Linkasemedwa pa makina ozungulitsa, ndiye limakhala ndi timizere tozungulira pamwamba. Thabwa likamauma limafota mopingasa kuposa mutali mwake, choncho la zaka mazana awiri silikhalanso lozungulira bwinobwino. Limagwedera pang'ono mu mkombero, mwina lili ndi kamng'alu, pali mabanga akuda a vinyo, ndi timabowo ta kufumbwa apo ndi apo. Thabwa losalala, lowala vanishi, lothina bwino, ndi latsopano. Pulayiwudi, pulasitiki kapena sikulu ya mutu wa mtanda zimatseka nkhani, pakuti sikulu zoterozo zinabwera m'ma 1930. Nsalu yobiriwira ija isakudetseni nkhawa. Inkatha n'kusinthidwa, ndipo yatsopano siitsitsa mtengo.

Ndiye ndi ndalama zingati?

Malire amene amalonda ambiri amatsatira ndi akuti chinthu chikakwana zaka 100 chalowa m'gulu la zakale. Izi zikutanthauza kuti EPNS wa m'ma 1920 wayamba kulowamo, koma ukalamba wokha sukweza mtengo. Anapangidwa wochuluka zedi, wa m'mahotela, m'sitima za pamadzi ndi wa mphatso za ukwati.

Masitepe ake ali motere. Pansi penipeni pali kambale kamodzi ka EPNS kapena EPBM ka m'ma 1900, kopanda dzina lodziwika, kamene ku Britain kamapita pa mapaundi ochepa, kakakwera ndiye makumi angapo. Pamwamba pake pali tiwiri ta magetsi ta nthawi ya Victoria ta kampani yodziwika. Kenako tiwiri ta Old Sheffield tosungidwa bwino, timene m'sitolo timafika mapaundi mazana angapo, ndipo tinayi tofanana kapena ta chidindo cha Boulton timapitirira apo. Pamwamba pa zonse pali ta siliva weniweni, ndipo ta mmisiri ngati Paul Storr timawerengedwa m'masauzande ambiri. Amenewo ndi madzi ena.

M'kati mwa sitepe iliyonse, chachikulu ndi kukhala tiwiri. Tiwiri tobadwira limodzi timaposa kutali mtengo wa kamodzi kuwirikiza kawiri. Ogulitsa amadziwa zimenezi, ndiye ena amakwatitsa timbale tofanana tochokera kosiyana. Tiikeni mogundana patebulo. Kutalika kufanane, timizere ta pathabwa tifanane, chizindikiro cha pa mchombo chikhale chimodzi, ndipo kuperepeseka kukhale kwa msinkhu umodzi, pakuti tinapukutidwa ndi dzanja limodzi zaka zonsezo.

Nkhani ya kuperepeseka ndi imene anthu ambiri amaimva mobwerera. Pa Old Sheffield, mkuwa wosuzumira pang'ono m'makona ndi wokondedwa. Osonkhanitsa zinthuzi amati chitsulo chikukha magazi, ndipo amakonda kufiira kofundako. Mkuwa ukachuluka mpaka kuposa siliva, kapena mtovu ukayamba kugumuka m'zokongoletsa, mtengo umagwa. Koma chimene chimaupheratu ndi kukakutitsanso. Munthu amaona mkuwa, n'kuchita manyazi, n'kupita nako kwa opaka siliva wa magetsi. Kamabwerako kali mbee, msoko wakwiririka, mpendero wakwiririka, zokongoletsa zabuntha chifukwa anayamba azipala. Kambale ka 1810 kasanduka ka magetsi, ndipo sikabwereranso. Mukaona kooneka ka zaka mazana awiri koma kopanda ngakhale kadontho ka mkuwa, kumbukirani chikomekome cha mkuyu. Pa EPNS kukutitsanso si tchimo, kungoti ndalama zake nthawi zambiri zimaposa mtengo wa kambaleko.

Zina zotsitsa mtengo ndi mpanda wothyoka m'timabowo, zigamba za mtovu zowotcherera mwachisawawa, mchombo wosowa kapena wosinthidwa, ndi thabwa latsopano. Chizindikiro cha banja chozokotedwa nthawi yomweyo chimakweza, makamaka ngati banjalo lingadziwike. Zilembo za dzina zowonjezeredwa pambuyo pake sizithandiza.

Ndipo kambale kamodzi kali ndi mitengo itatu. Pali wa m'sitolo, monga m'masitolo a pansi pa nthaka a London Silver Vaults ku Chancery Lane, umene uli ndi lendi, phindu ndi chitsimikizo cha wogulitsa. Pali wa ku okushoni, wotsikirapo, umene wogula amawonjezerapo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi la kampani yogulitsayo, pamene wogulitsa naye amadulidwa yake. Ndiye pali umene wamalonda angakupatseni pamanja lero, wotsika kuposa yonse, poti naye ayenera kudyapo. Mtengo wa inshuwalansi ndi wa m'sitolo uja, ndipo anthu ambiri amakhumudwa akaona kuti palibe amene angawapatse ndalama imeneyo. Pofufuza pa intaneti, musayang'ane zimene anthu akuitanira. Aliyense angathe kulemba mtengo umene walota. Pa eBay sankhani zimene zinagulidwadi, ndipo makampani a okushoni ngati Bonhams ndi Christie's amasiya zotsatira zawo poyera. Dziwaninso kuti msika wa ziwiya zokutidwa unatsika poyerekeza ndi kale, chifukwa anthu sakuyalanso matebulo apamwamba ndipo safuna zopukutapukuta. Timbale ta vinyo tapirira kuposa matiyipoti ndi mbale zovundikira, poti ndi tating'ono ndipo timagwirabe ntchito.

Kwathu kuno zinthu zotere zingathe kupezeka. Mabanja a azungu a m'nthawi ya Nyasaland, a m'boma ku Zomba kapena a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, pochoka ankagulitsa katundu wa m'nyumba kapena kusiyira akhukhi awo. Ku South Africa masitolo a zinthu zakale ngodzaza nazo. Zambiri mwa izo ndi EPNS, koma kuyang'ana sikulipiritsa. Choopsa n'chakuti ife tinaleredwa kuti chiwiya chabwino ndi chokwechedwa. Phulusa, mchenga ndi sitiliwulu zimene zimawalitsa poto zingamalize siliva wa kambale tsiku limodzi, ndipo mankhwala opukutira mkuwa nawo ngokhakhala kwambiri. Kansalu kofewa konyowa pang'ono ndi sopo n'kokwanira, kenako kouma. Mankhwala a siliva azikhala a apo ndi apo, pakuti kupukuta kulikonse kumachotsako kena. Musakaviike m'madzi, thabwa limafufuma n'kung'amba mkombero.

Tanga tija tilipobe. Ndinayesa kutigulitsa kamodzi, wina n'kunditchulira theka la zimene ndinalipira, ndiye ndinabwerera nato. Kamodzi kamasunga makiyi pakhomo. Kanzake kamakhala patebulo ndi botolo la tsabola wa Nali, ndipo alendo akabwera timakakankhira kumanzere.